Makhota a Ngalande ya Msilikali

1. Mwendo wa agogo

Dzina lake lenileni linalipo, koma kunyumba ndi kusukulu komwe aliyense ankangomutchula kuti Phuma. Si nanga mnyamatayu zinthu zake zinali zongothamangira? Ukamutuma mchere, ankaliyatsa liwiro usanamalize kunena kuti wochuluka bwanji. Mayeso ankamaliza woyamba m'kalasi, koma mafunso a kuseri kwa pepala ankawadziwa atatuluka kale panja.

Sanali mwana woipa ayi. Anali ndi mtima wabwino ndi manja olimbikira, kungoti mutu wake unkabwera pambuyo pa miyendo.

Phuma ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna m'nyumba ya m'tsinde mwa phiri. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Banjali linkadalira munda umodzi wokha, wotsetsereka, woyambira kuseri kwa khola la mbuzi mpaka pakati pa phirilo. Chakudya, sopo, yunifolomu ya kusukulu, zonse zinkachokera m'munda umenewo.

Kumtunda kwa mundawo kunali ngalande yakale, yakuya kulekeza m'chiuno. Inkalandira madzi onse otsika m'phiri n'kukawataya kukhwawa la kumbali kuti asalowe m'munda. Koma ngalande imeneyi, abale, inali yodabwitsa. Sinali yowongoka ngati za anthu ena. Inkapita pang'ono n'kukhota, kupita pang'ono n'kukhotanso, ngati njira ya munthu woledzera. Amene anaikumba anali bambo awo a agogo, munthu amene anamwalira kalekale ndipo pabanjapo ankangomutchula kuti Msilikali.

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, agogo ankakwera kumtunda ndi fosholo kukachotsa mchenga ndi miyala zimene zinkaunjikana m'makhotamo. Koma chaka chimenecho tsoka linawagwera. Akukonza malata padenga, makwerero anaterereka, iwo n'kugwa, mwendo thyo! Kuchipatala anawamanga chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, ndipo adokotala anawalamula kuti phiri aziliona ndi maso okha.

Loweruka lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana, agogo anaitana mdzukulu wawo pakhonde. Pambali pawo anali atatsamiritsa fosholo yakale, yoperepeseka kutsogolo chifukwa chokumba.

"Khala apa, mnzanga," anatero agogo. Ankamutchula choncho kuyambira ali wakhanda. "Chaka chino ngalande ili m'manja mwako. Amayi ako ali ndi ntchito yogalauza m'munda, ine ndi uyu ndangokhala ngati chitsa."

"Musadandaule agogo, pofika madzulo ikhala itatha," anatero Phuma, dzanja lili kale pafosholo.

"Taonani, wayamba kale! Siya fosholoyo. Khala pansi, makutu uwatsegule, ndikuuze chimene ukukagwira."

2. Nkhani ya Msilikali

Agogo anakhosomola pang'ono, nakonza mwendo wawo pampando wachiwiri, n'kuyamba.

"Bambo anga anatengedwa kupita kunkhondo ali mnyamata wosamera ndevu, wokulirapo pang'ono kuposa iwe. Anakwezedwa lole, kenako sitima ya pamtunda, kenako sitima ya pamadzi, mpaka kudziko limene ngakhale dzina lake sankatha kulitchula bwino. Iwe ukamva kuti msilikali umaganiza za mfuti. Iwo ankati mfuti ankaigwira mwa apo ndi apo, koma fosholo ndiyo inali mkazi wawo. Kugona nayo, kudzuka nayo. Ntchito yawo inali kukumba ngalande zobisalamo.

"Ngalande yawo yoyamba anaikumba yowongoka bwino, yoti ukaima kuno umamuona mnzako ali uko. Anainyadira ndithu. Tsiku lina bomba linagwera kumapeto kwake. Moto ndi zitsulo zinangoyenda m'ngalandemo kuchokera uku mpaka uko, popanda chozitchinga. Anzawo amene anadya nawo m'mawa, madzulo anali akuwakwirira. Iwo anapulumuka chifukwa anali atangotuluka kukatunga madzi, koma khutu lakumanzere linafera pomwepo.

"Kuchokera tsiku limenelo anaphunzira kukumba zokhotakhota. Bomba likagwa apa, moto umagunda pakhota n'kuthera pomwepo, amene ali kuseri n'kupulumuka. Ukumva, mnzanga?"

"Ndikumva, agogo," anatero Phuma, koma maso ali kuphiri.

"Atabwerako anapeza anthu atawalira kale maliro. Munda wabwino wa kudambo abale anali atagawana. Sanakangane ndi munthu. Anangoti, 'Nkhondo ndaiona, ina sindikuifuna.' Anapempha phiri ili, limene ngakhale mbuzi zinkalinyoza. Panali thanthwe ndi timiyala basi. Dothi limene amayi ako akugalauza lero analisenza m'matumba kuchokera kudambo, iwo ndi amayi anga, zaka ndi zaka, n'kumalisakaniza ndi manyowa opempha m'makola a anthu.

"Mvula ya chaka choyamba inakokolola zonse. Anasenzanso. Chaka chotsatira inakokololanso. Ndiye tsiku lina anakaima pamvula osafunda kanthu, kumangoyang'ana mmene madzi ankatsikira. Pobwera, ali khathikhathi, anauza amayi anga kuti, 'Mdani uyu ndamudziwa. Amapha akapeza njira yowongoka.' M'mawa mwake anatenga fosholo n'kukwera.

"Anthu anawaseka. Ankati nkhondo yawalowa m'mutu, akukumba pobisala pomwe adani kulibe. Ndipotu chowasekera chinalipo. Bingu likagunda, bambo anga ankadziponya pansi chafufumimba, kaya ndi pamsika kaya ndi pamaliro, manja ali kumutu. Ana anawapatsa dzina loti Gonapansi, n'kumawakuwa m'njira. Iwo ankangodzuka, kusasa fumbi, n'kubwerera kungalande yawo. Koma kuyambira pamene anaimaliza, dothi la m'munda uno silinachokenso. Ine ndakulira pamunda umenewu, amayi ako akulira pomwepa, iwenso ndi uyu."

Agogo anagwira Phuma pabondo kuti awayang'ane.

"Tsono mvetsa. Madzi akafika pakhota amagunda, amafooka, amatula mchenga umene anyamula, n'kupitirira ali ofatsa. Akafika pakhota lina amafookanso. Pokafika kukhwawa amakhala akuyenda ngati nkhalamba. Mchenga wa m'makhotawo ndiye ntchito yako. Uufukule wonse, uuponye pakhoma la kumunsi kuti likwere. Ndi ntchito yowawa, sindikukunamiza. Msana ukuwawa, manja atuluka matuza. Ukatopa upume, mawa lilipo. Koma khota ngakhale limodzi usalikhudze. Usaliwongole, usalifupikitse, usalikwirire. Ukaona chimene sukuchimvetsa, tsika udzandifunse. Mwendo ndiwo wathyoka, pakamwa pali bwinobwino."

"Ndamva, agogo."

"Wamva ndi makutu kapena ndi miyendo?"

Phuma anaseka, nanyamula fosholo ndi piki, uyo kuphiri.

3. Pakamwa

Khota loyamba analigwira ndi mphamvu zake zonse. Mchenga unali utalimba, wosakanikirana ndi timiyala, ndipo fosholo inkangolira kwee! kwee! Pofika dzuwa pamutu anali atangomaliza makhota awiri, thukuta lili kamukamu. Atakweza maso anaona ena ambirimbiri akumudikira mpaka kukhwawa. Mtima unamugwa.

Ali chikhalire pakhoma la ngalande akuuzira matuza, kunatulukira mnzake wa m'kalasi, atasenza kamtolo ka nkhuni. Ameneyu ankamutchula kuti Pakamwa, chifukwa panalibe nkhani pansi pano imene iye analibe nayo yankho.

"Aise, wakulakwira ndani?" anafunsa Pakamwa akutula nkhunizo. "Akupatsa chibalo m'ngalande ya Gonapansi?"

"Usawatchule choncho. Ndi agogo a amayi anga."

"Pepa, pepa. Koma aliyense amadziwa kuti mkulu ameneyo anabwerako mutu utazungulira. Taiona wekha. Munthu wabwinobwino angakumbe chinthu chonga matumbo a mbuzi chonchi?"

Dzina lija linkamupweteka Phuma kuyambira ali mu sitandade wani. Bingu likagunda ali m'kalasi, anyamata ena ankamucheukira n'kumanong'ona kuti, "Gona pansi, gona pansi!" Ankaseka nawo, koma m'mtima munkatentha.

Pakamwa analumphira m'ngalandemo, nayamba kuloza uku ndi uku ngati kapitawo wa pamsewu.

"Ndikuuze ine. Mchenga ukukuzunzawu ukuima chifukwa cha makhotawa. Dula apa, ulumikize ndi apo, dothi lake ukwirire khotali. Madzi azidzisesera okha. Chaka chamawa sudzagwiranso fosholo, ngakhale agogo ako adzapuma. Ngalande za mumsewu waukulu unaziona zokhota?"

"Agogo aletsa."

"Aletsa chifukwa chiyani?"

Phuma anafotokoza za bomba lija ndi moto woyenda m'ngalande. Pakamwa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bomba! Kuno kuli nkhondo? Madzi ndi moto n'zofanana? Aise, agogo ako ndi munthu wabwino, koma akungolemekeza bambo awo basi. Iwe ndiwe wamakono. Ikonze ngalandeyi, ikhale yooneka ndi maso, anthu asiye kukusekani."

Mawu omalizawa ndi amene analowa. Phuma anagunda piki pamalo pamene Pakamwa analoza. Dothi lake linali lofewa, losiyana kutali ndi mchenga wouma wa m'makhota.

Apa ndi pamene mwana wa munthu akanatsika phiri n'kukafunsa. Kunyumba sikunali kutali, ngakhale utsi wa kukhitchini ankauona. Koma paja safunsa anadya phula. Phuma anayang'ana kunyumba kamodzi, nalavulira m'manja, n'kukwezanso piki.

4. Ngalande yowongoka

Ntchito inayenda ngati masewera. Wina akukumba, wina akukwirira, nthabwala zili m'kamwa. Tsiku limenelo anadula makhota angapo, ndipo masiku otsatira ankakwera limodzi akaweruka kusukulu. Sabata isanathe, ngalande ya Msilikali inali itawongoka ngati chingwe choyanikira zovala.

Khota limodzi lokha ndilo linatsala. Linkazungulira chimwala chachikulu chimene chinakana piki, pamwamba penipeni pa munda.

"Limodzi lokha silingavute," anatero Pakamwa. "Likhale chikumbutso cha Gonapansi."

Ulendo uno Phuma sanamuletse. Anaima kumtunda, manja m'chiuno, akuyang'ana ntchito yake kuchokera uku mpaka uko. Kunena zoona inali yokongola.

Atafika kunyumba anapeza agogo pakhonde akusoka thumba long'ambika.

"Watha kale?" anadabwa agogo. "Ine zimanditengera masabata."

"Mnzanga Pakamwa anandithandiza, agogo."

"Ameneyo amadziwa kugwira ntchito ndi manja? Ndinkayesa amalima ndi lilime. Nanga makhota anga ali bwanji?"

"Ngalande yonse ili mbee, agogo. Mulibe ngakhale kamchenga."

Onani mmene bodza limayambira. Silibwera ndi nyanga ayi. Phuma sananame, komanso sanayankhe chimene anafunsidwa. Agogo anamwetulira, namusisita pamutu.

"Mwamumva mwamunayu?" anafuulira mwana wawo wamkazi amene anali kukhitchini. "Mumuwonjezere chakudya lero. M'nyumba muno mwabadwa msilikali wina."

Amayi ake anamuwonjezeradi, ndipo Phuma anadya zonse. Anaganiza kuti chikhakha chikadzachoka adzawatengera agogo kumtunda, akaone okha, akayamikire okha.

5. Mvula yabwino

Mvula yoyamba inabwera yofatsa, yolowa pansi. Phuma ndi amayi ake anabzala chimanga ndi nyemba, agogo akuwalangiza mokuwa ali pampando kuseri kwa nyumba. Mbewu zinamera bwino kwambiri chaka chimenecho. Pasanapite nthawi chimanga chinali m'mawondo, chobiriwira mochititsa kaso, ndipo anthu odutsa ankaima kuchiyang'ana.

"Zikapitirira chonchi, chaka chino ndikugulira nsapato zenizeni," anatero amayi ake tsiku lina akupalira. "Zakozo zala zayamba kusuzumira panja ngati ana a mbewa."

Amayi sankakwera kungalande. Kuyambira kale imeneyo inali ntchito ya agogo, ndipo udzu wa kumtunda unali utatalika kale n'kuibisa.

Mvula ikagwa, Phuma ankathamangira kumtunda yekha. Ankapeza madzi akuyenda mwaliwiro, osasiya mchenga ngakhale wodzaza dzanja. Pachimwala paja ankagunda n'kuthovoka pang'ono, kenako n'kuzungulira. Khoma la pamenepo linali litayamba kudyeka m'munsi, koma iye sanaliyang'anitsitse.

"Ndinakuuza ine!" ankatero Pakamwa kusukulu. "Ukadzalemera usadzandiiwale."

Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Anyamata awiriwa anadala madzi asanabwere n'komwe.

6. Tsiku la madzi ofiira

Linali Lachinayi masana. Kunatentha modabwitsa kuyambira m'mawa, ndipo Phuma pochoka kusukulu anaona kumwamba kwa phiri kuli bii. Anangofika pakhomo, mphepo n'kuyamba. Amayi ake ankathamanga kuanula zovala.

Kenako inagwa. Sinali mvula yoti munthu n'kumva mnzake akulankhula. Malata ankalira ngati akuwathira miyala, ndipo ngakhale khola la mbuzi silinkaoneka bwino. Atatuwo anaima pazenera la kuseri, agogo atatsamira ndodo.

"Bambo, mvula iyi ndiyoopsa," anatero amayi ake a Phuma.

"Musaope," anayankha agogo mokweza. "Ngalande ya Msilikali yaona zoposa izi. Komanso chaka chino yakonzedwa ndi manja atsopano."

Phuma anafuna kunena kanthu, koma bingu linagunda, mawu n'kubwerera m'mimba.

Posakhalitsa anamva mkokomo wina wosiyana ndi wa mvula, wochokera kumtunda. Madzi onse a m'phiri anali atalowa m'ngalande yowongoka ija. Sanapeze powagunda, sanapeze powafooketsa. Anatsika ndi miyala ndi zitsa, nafika pachimwala ali ndi mphamvu zawo zonse. Khoma lodyeka lija linangoti phwa!

"Mayo ine! Munda!" anakuwa amayi.

Madzi ofiira anatsika pakati penipeni pa munda. Mizere inkasungunuka pamaso pawo. Chimanga chinkagwa n'kumayandama, mizu ili m'mwamba. Amayi anatola khasu n'kutuluka, Phuma pambuyo pawo, koma khasu lingachite chiyani pamadzi otero? Anangokwanitsa kutsekula khola, mbuzi n'kuthawira pakhonde. Phuma anayamba kuthamangira kumtunda, koma amayi ake anamugwira malaya.

"Ukufuna ndikwirire munda ndi mwana tsiku limodzi? Bwerera!"

Mvula inakata dzuwa litapendeka. Kunja kunati zii, kumangomveka madzi kukhwawa. Pakati pa munda panali chigwembe chakuya kuposa munthu wamtali, ndipo mbali zonse ziwiri dothi linali litasendeka. Thanthwe loyera linkaonekera paliponse. Dothi lija anthu awiri analisenza zaka ndi zaka linapita masana amodzi.

Kusanade, Phuma anakwera yekha kukaona ngalande. Makoma ake anali atagumukira m'kati, matope ndi miyala zitadzaza ponseponse. Panalibe munthu akanadziwa ngati inali yowongoka kapena yokhota. Kalanga ine, mwanayo anamva mpumulo poona zimenezo, ndipo mpumulowo unamuchititsa manyazi kuposa china chilichonse.

7. Funso

M'mawa mwake Phuma sanapite kusukulu. Agogo anapempha kuti mpando wawo auike kuseri kwa khola, pomwe munda wonse unkaoneka. Amayi ankayendayenda m'matope akutola mapesi otsala, misozi ili chuchuchu.

"Bwera kuno, mnzanga," anaitana agogo.

Phuma anabwera n'kugwada pambali pa mpando.

"Ndikufunsa funso limodzi, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndikungofuna kudziwa. Mchenga unachotsa wonse?"

"Wonse, agogo."

"Makhota unawasiya momwe analili?"

Amayi anaima, mapesi ali m'manja. Phuma anayang'ana nkhope yawo yotupa ndi kulira, nayang'ana chigwembe chija. Akananena zoona, bwenzi atakalipiridwa, mwina n'kulawa ndodo, koma zikanathera pomwepo.

"Momwe analili, agogo," anatero.

Bodza la pakhonde lija linali lakhanda. Ili linali litamera mano.

Agogo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhope yawo inagwa, ndipo anaoneka okalamba kuposa dzulo lake.

"Ndiye kuti basi," anatero. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwaikira kumbuyo bambo anga. Ndili mnyamata ndinamenyanapo ndi anthu chifukwa cha dzina lija la Gonapansi. Ndinkati sekani, koma makhota amenewa ndi nzeru zogulidwa ndi magazi. Kodi unali mwayi chabe zaka zonsezi? Kodi anthu aja ankanena zoona? Ndikufunsa ine, mwana wawo, ndili ndi imvi.

"Ukanandiuza kuti penapake panalakwika, kuti khota lina linatsekeka kapena linagumuka mvula isanabwere, bwenzi ndikuti tiyeni timange malamba. Dothi limasenzeka. Iwo anasenza ali awiri, ife tilipo atatu. Bwenzi tikukumbanso ngalande momwe inalili, chaka chino n'kuvutika, chaka chamawa n'kukolola pang'ono. Koma ngati zonse zinali m'malo mwake madzi n'kudutsabe, ndiye kuti phiri ili latikana. Tingasenzerenji dothi loti lidzapitanso? Sindingakuzunzeni ndi ntchito yopanda mutu chifukwa chongofuna kusunga dzina la munthu wakufa."

"Nanga tidya chiyani, bambo?" anafunsa amayi.

"Pali mkulu uja woswa miyala, mwini malole. Wakhala akundinyengerera kuti ndimugulitse phirili aziphwanyapo miyala yomangira. Kawiri konse ndamupirikitsa ndi ndodo. Lero ndodo yake ndi iyi ndikuyendera. Atenge. Tipeze kachakudya kofika nako chaka chamawa, zinazo tidzaona."

"Bambo, akangoyamba kuswa, munda sudzabwereranso."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Apa Phuma analephera kudzigwira. Analira mokweza ngati kamwana, mutu uli pabondo la agogo. Nkhalambayo inatenga dzanja lake n'kulitembenuza, niona zipsera za matuza zija.

"Iwe usalire. Ulibe mlandu. Manja awa ndi mboni kuti unagwira ntchito ngati mwamuna. Amene tinakulakwira ndife, tinakupatsa chinthu chakutha kale."

Mawu amenewa anamulasa kuposa ndodo iliyonse. Anatsegula pakamwa. Amayi ake ankamuyang'ana, agogo ankamuyang'ana, ndipo choonadi chinali pammero penipeni.

"Pukuta misozi," anatero agogo. "Pita kumene amaswera miyala, ukamuuze mkuluyo kuti nkhalamba ya mwendo umodzi ikumufuna."

"Chabwino, agogo."

Anadzuka, nadutsa pambali pa nyumba, n'kutsata kanjira kopita kumsewu. Anaganiza kuti ulendowo ndi wautali, apeza nthawi yokonza mawu, ndipo pobwerera adzagwada n'kuulula zonse munthuyo asanabwere.

Koma nkhani ya tsoka siyenda pansi. Asanafike n'kumsewu komwe anamva kulira kwa injini. Lole yodzaza fumbi la miyala inali itakhotera kale m'njira ya kwawo, ikukwera pang'onopang'ono m'matope. Woswa miyala anatulutsa mutu pawindo, akumwetulira.

"Mnyamata iwe," anafuula, "agogo ako ndawapeza?"